Golide Kapena Mkuwa? Tiyeni Tiwerenge za M'kati mwa Atomu

Mwezi wa Ogasiti 2023 ndege ina yochokera ku Cairo inatera pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka. Akuluakulu a boma atalowamo anapeza ndalama zokwana pafupifupi madola 5.7 miliyoni, mfuti, ndi zidutswa 602 zachikasu zonyezimira, zolemera makilogalamu 127. Aliyense anati ndi golide. Koma patangopita masiku owerengeka, unduna wa migodi unalengeza kuti akatswiri atapima zidutswazo anapeza kuti mbali yaikulu inali mkuwa ndi zinki, ndi tizitsulo tina pang'ono. Chitsulo chimene chinautsa mapiri pachigwa chinali chonga chija amapangira maloko a pakhomo.

Ife a ku Petauke ndi ku Nyimba nkhani ya golide si yachilendo kwa ife. Mgodi wakale wa Sasare unakumbidwa m'nthawi ya atsamunda, ndipo achinyamata athu ambiri amadziwa kusefa mchenga m'mbali mwa Msanzala ndi m'timitsinje tina. Amene amasefa, amene amagula, ndi amene amabwereketsa ndalama zoyambira ntchitoyo, onse amafunsa funso limodzi: chimene chili m'manjachi ndi chiyani kwenikweni? Yankho lake lili pa tsamba limodzi limene ana athu a ku sekondale ali nalo kumapeto kwa buku lao la sayansi, tsamba la timabokosi todzaza ndi zilembo ndi manambala, lotchedwa Periodic Table. Makolo ambiri tikaliona timatseka buku msanga, poganiza kuti ndi za anthu ophunzira okhaokha. Si choncho ai. Munthu wodziwa kuchotsera 11 pa 23 angathe kuliwerenga, ndipo mwezi uno tifuna tiliwerenge pamodzi.

Tinthu titatu

Chinthu chilichonse chimene tingathe kuchikhudza, kuchimwa kapena kuchipuma chinapangidwa ndi timagawo tating'onoting'ono totchedwa maatomu. Kuchepa kwake nkosaneneka: maatomu mamiliyoni angapo atandandalikidwa pamzere sangapitirire kadontho kamene kali kumapeto kwa chiganizo chino. Komabe atomu nayonso ili ndi za m'kati mwake, ndipo ndi zamitundu itatu yokha.

Pakati penipeni pali phata, limene m'kalasi amalitcha nucleus. M'phatamo muli mapulotoni ndi manyutuloni, othithikana pamodzi. Pulotoni ili ndi mphamvu ya magetsi ya pulasi. Nyutuloni ilibe mphamvu ya magetsi, koma kulemera kwake nkofanana pafupifupi ndi kwa pulotoni. Kunja kwa phata kumazungulira maelekitironi, amene ali ndi mphamvu ya mainasi. Iwowa ngopepuka zedi: pafunika maelekitironi 1,836 kuti alingane ndi pulotoni imodzi. Nchifukwa chake poyeza kulemera kwa atomu sitiwawerengera nkomwe, monga momwe wogula nshawa sawerengera ulusi umene wasokera thumba.

Phatalo ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi atomu yonse. Phata la atomu ya haidirojeni likadakhala ngati njere imodzi ya nshawa, atomu yonse ikadakula kupitirira theka la kilomita kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Pakati ponsepo palibe kanthu. Khasu limene timalimira, ngakhale ndi lolimba chotero, mbali yake yaikulu ndi malo opanda kanthu! Zimenezi sizinadziwike tsiku limodzi. J. J. Thomson anatulukira elekitironi mu 1897, Ernest Rutherford anaonetsa mu 1911 kuti atomu ili ndi phata, ndipo nyutuloni inabisala mpaka 1932 pamene James Chadwick anaipeza.

Manambala awiri a m'bokosi

Tsopano tsegulani tchaticho. Bokosi lililonse ndi la elementi imodzi, ndiye kuti chinthu chimene maatomu ake onse ndi amtundu umodzi, monga golide, mkuwa, chitsulo, okosijeni. Maelementi odziwika alipo 118. M'bokosimo muli chilembo chimodzi kapena ziwiri, ndi manambala awiri. Zilembo zina sizigwirizana ndi dzina limene timalidziwa chifukwa zinachokera ku Chilatini: Au ndi golide, Fe ndi chitsulo, Pb ndi mtovu, Na ndi sodiyamu, K ndi potaziyamu.

Nambala yaing'ono ndiyo nambala ya atomu, ndipo imatiuza kuchuluka kwa mapulotoni. Nambala yaikulu ndi ya kulemera, ndipo imatiuza mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi. Apa pali msampha umene wagwetsa ana ambiri pa mayeso. Matchati ena amaika nambala yaing'ono pamwamba, ena amaiika pansi. Mwana amene analoweza kuti "yapamwamba ndiyo ya mapulotoni" akapatsidwa tchati chosiyana ndi cha m'kalasi mwake amasokonezeka. Tiwauze ana kuti asayang'ane malo a nambala, koma kukula kwake. Yaing'ono ndiyo ya mapulotoni, ndipo imakwera ndi imodziimodzi kuchokera bokosi lina kupita lotsatira: 1, 2, 3, mpaka 118, osadumpha.

Tiyese ndi sodiyamu, amene ali mu mchere wa m'ndiwo. Manambala ake ndi 11 ndi 23. Mapulotoni alipo 11. Atomu ikakhala payokha, mphamvu ya pulasi ndi ya mainasi zimalingana, choncho maelekitironi nawonso alipo 11. Manyutuloni timawapeza pochotsera: 23 kuchotsapo 11 kutsala 12. Basi, ntchito yatha.

Chitsulo cha khasu: 26 ndi 56. Mapulotoni 26, maelekitironi 26, manyutuloni 30. Potaziyamu, amene amapezeka wambiri mu nthochi zija zimagulitsidwa m'mbali mwa mseu pa Nyimba: 19 ndi 39, ndiye kuti mapulotoni 19, maelekitironi 19, manyutuloni 20. Golide: 79 ndi 197. Mapulotoni 79, maelekitironi 79, manyutuloni 118.

Pa zitatuzi, chimene chimatchula dzina la elementi ndi mapulotoni okha. Tingati nambala ya atomu ili ngati mfunda wa munthu. Wa kwa Tembo angathe kunenepa kapena kuonda, kulemera kapena kusauka, kusamukira ku Lusaka kapena ku migodi, koma ndi Tembo ndithu. Atomu ya mapulotoni 79 ndi golide, kaya ili mu mphete ya ukwati, kaya mu mchenga wa mumtsinje. Ya mapulotoni 29 ndi mkuwa, ngakhale mutaipukuta mpaka kuwala ngati dzuwa.

Theka la nyutuloni kulibe

Mwana wochenjera akafika pa mkuwa amaima. Manambala ake ndi 29 ndi 63.5. Akachotsera apeza 34.5, nayamba kudabwa: kodi pali theka la nyutuloni? Funsoli ndi labwino, ndipo mphunzitsi amene amalikankhira kumbali amamana ana chinthu chokoma.

Theka la nyutuloni kulibe. Chimene chilipo nchakuti maatomu a mkuwa sali olemera mofanana onse. Pa maatomu 100 a mkuwa, pafupifupi 69 ali ndi manyutuloni 34, kulemera kwao 63. Otsalawo, pafupifupi 31, ali ndi manyutuloni 36, kulemera kwao 65. Onsewo ali ndi mapulotoni 29. Ndi ana a bere limodzi osiyana thupi, ndipo dzina lao m'sayansi ndi maisotopu. Nambala 63.5 ndi ya pakatikati, yopezeka powerengera onse pamodzi, monga momwe mlimi anganene kuti munda wake umatulutsa matumba khumi ndi theka pachaka, ngakhale kuti chaka china anakolola asanu ndi anayi, china khumi ndi awiri. Klorini, amene timathira m'madzi akumwa nthawi ya kolera, ali chimodzimodzi: 35.5, chifukwa pa maatomu anayi alionse, atatu amalemera 35 ndipo imodzi imalemera 37. Choncho pofuna kuwerenga manyutuloni molondola tiyenera kudziwa isotopu imene tikunena. Ikalembedwa kuti klorini-37, tichotsere 17 pa 37, tipeze 20.

Nyutuloni imodzi kapena ziwiri zoonjezera nthawi zina zimasintha khalidwe la phata. Kaboni wamba, wa m'makala, ali ndi mapulotoni 6 ndi manyutuloni 6. Kaboni-14 ali ndi manyutuloni 8, ndipo phata lake silikhazikika: pakapita zaka 5,730, theka la maatomu otere limakhala litasanduka naitirojeni. Chamoyo chilichonse chimatenga kaboni-14 pang'ono chili moyo, ndipo chikafa chimaleka. Akatswiri akapima wotsala m'makala akale amadziwa nthawi imene mtengowo unafa. Ndi njira imeneyi imene inaonetsa kuti m'phanga la Kalemba, kufupi ndi Chadiza, m'mene David Phillipson anakumba, anthu ankakhalamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Ngakhale mu nthochi za pa Nyimba muli potaziyamu-40, wa manyutuloni 21, amene amatulutsa cheza; koma pa maatomu 10,000 a potaziyamu, otere ndi pafupifupi imodzi yokha, ndipo matupi athu akhala nawo chiyambire. Idyani nthochi mopanda mantha.

Maelekitironi ndiwo amayendayenda

Mapulotoni ndi manyutuloni amakhala phee m'phata. Maelekitironi ndiwo amasinthanitsidwa, ndipo zonse zimene timaona, kuyaka kwa moto, dzimbiri la khasu, kupsa kwa mowa, ndi ntchito yao. Amakhala m'mizere yozungulira phata: mzere woyamba umalandira awiri, wachiwiri asanu ndi atatu, ndipo pa maelementi 20 oyambirira wachitatu nawonso umalandira asanu ndi atatu. Sodiyamu wa maelekitironi 11 amakhala 2, 8, 1. Klorini wa 17 amakhala 2, 8, 7. Wina ali ndi imodzi yotsalira kunja, wina ikumuperewera imodzi kuti mzere udzaze. Akakumana, sodiyamu amapereka, klorini amalandira.

Zikatero sodiyamu amatsala ndi mapulotoni 11 koma maelekitironi 10, ndipo amalembedwa Na+. Klorini amakhala ndi mapulotoni 17 ndi maelekitironi 18, nalembedwa Cl-. Atomu yotere imatchedwa ayoni. Apa ndi pamene ana amalakwa kachiwiri: akaona chizindikiro cha pulasi amaonjezera elekitironi, pamene pulasi akutanthauza kuti elekitironi yachoka. Taonani zotsatira zake: sodiyamu payekha ndi chitsulo chofewa chimene chimalilima chikagwera m'madzi, klorini payekha ndi mpweya wakupha, koma atasinthana elekitironi imodzi yokha amakhala mchere umene timapatsa ndi ana omwe.

Amene anakonza tchatichi

Dmitri Mendeleev wa ku Russia anachindandalika mu 1869, pamene maelementi odziwika anali 63 okha. Iye sankadziwa za mapulotoni. Anatsata kulemera ndi khalidwe, ndipo pamene panalibe elementi yoyenera anasiya bokosi lopanda kanthu, nanena kuti mwini wake adzapezeka. Gallium anapezeka mu 1875, germanium mu 1886, ndipo makhalidwe ao anali monga momwe iye ananeneratu. Koma panali malo ena amene kulemera kunkamusokoneza. Tellurium ngolemera kuposa ayodini, komabe khalidwe lao linkafuna kuti tellurium akhale patsogolo. Mendeleev anatsata khalidwe, osadziwa chifukwa chake.

Chifukwacho anachipeza ndi mnyamata wa ku England, Henry Moseley, mu 1913. Iye anaona kuti elementi iliyonse ikaombedwa imatulutsa cheza cha X-ray chakechake, ndipo chezacho chimasintha mwa dongosolo kuchokera elementi ina kupita yotsatira, molingana ndi mphamvu ya pulasi ya m'phata. Tellurium ali ndi 52, ayodini 53: Mendeleev analondola. Moseley anaphedwa ku nkhondo ku Gallipoli mu 1915 ali ndi zaka 27 zokha. Koma makina a m'manja amene akatswiri a migodi amalozetsa pa mwala lero, nawerenga pomwepo kuti muli mkuwa wochuluka chotere ndi golide wochuluka chotere, amagwira ntchito potsata zimene mnyamatayo anatulukira. Makinawo sayang'ana mtundu kapena kunyezimira. Amafunsa nambala.

Pa thumba la fataleza

Alimi, tchatichi nchanunso. Pa thumba la D Compound palembedwa 10-20-10, ndipo pa la urea palembedwa 46. Amenewa si manambala a atomu. Amanena kuchuluka kwa chakudya cha mbewu pa magawo 100 alionse. Koma 46 ameneyu tingathe kumutsimikiza tokha. Kagawo kamodzi ka urea kali ndi kaboni imodzi, okosijeni imodzi, naitirojeni ziwiri ndi haidirojeni zinayi. Pa tchati kulemera kwao ndi 12, 16, 14 ndi 1. Tikaphatikiza: 12, ndi 16, ndi 28, ndi 4, zikwana 60. Naitirojeni ndi 28 pa 60, ndiye kuti magawo 46 ndi pang'ono pa 100. Thumba la makilogalamu 50 la urea weniweni lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, ndipo palibe fakitale pa dziko lapansi imene ingapange urea wa 60 kapena 70. Wogulitsa akakuuzani kuti wake ndi "wamphamvu kawiri", mwana wa sekondale angathe kumutsutsa ndi pensulo. Fosiforasi wa mu fataleza wapansi, nambala 15, amachokera ku miyala, ndipo miyala yotere ilipo kwathu konkuno, ku Chilembwe m'dera la Petauke.

79 ndi anansi ake

Tibwerere kwa osefa golide. Atomu ya golide imalemera 197, ya mkuwa 63.5, ya zinki 65, ya chitsulo 56. Golide ngolemera katatu, pamene kukula kwa atomu yake kumangoposa pang'ono kwa atomu ya mkuwa. Nchifukwa chake amatsalira pansi pa beseni mchenga ukamakokoloka. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20. Chodzaza mkuwa wosakaniza ndi zinki chingalemere pafupifupi 170. Chodzaza golide chingalemere 386, kuyandikira matumba asanu ndi atatu a chimanga. Wonyenga angathe kutsanzira mtundu, koma kutsanzira kulemeraku nkovuta kwambiri. Palinso mwala wachikasu wonyezimira wotchedwa pyrite umene wapusitsa anthu m'maiko ambiri. M'kati mwake muli chitsulo, 26, ndi sulufule, 16. Mukaumenya ndi nyundo umanyenyeka, pamene golide amangophwatalala. Mukaukhutiza pa phale loyera umasiya mzere wakuda, pamene golide amasiya wachikasu.

Nanga aja amati ali ndi mankhwala osandutsa chitsulo china kukhala golide, kapena ochulukitsa golide m'botolo? Moto, asidi ndi mankhwala onse amangosuntha maelekitironi, phata salifika. Kusandutsa mtovu, 82, kukhala golide, 79, kufuna kuchotsa mapulotoni atatu m'phata. Zimenezi zinachitikadi, koma onani kumene zinachitikira. Mu 2025 akatswiri a ku CERN, kufupi ndi Geneva, amene ali ndi makina ozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, analengeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 makina aowo anasandutsa maphata a mtovu pafupifupi 86 biliyoni kukhala golide. Nambalayo ikumveka yaikulu, koma golide yenseyo pamodzi sangaoneke ndi maso, ndipo anaphwanyika pasanathe ndi sekondi imodzi yomwe. Ngati makina otere anapeza zochepa chonchi, munthu wa botolo ndi kansalu kofiira pa msika sangapeze kanthu.

Mnansi wa golide wa kudzanja lamanja ndiye wotidetsa nkhawa koposa. Nambala 80 ndi mercury, Hg, chitsulo chamadzimadzi chonga siliva. Kusiyana kwao ndi pulotoni imodzi yokha, koma wina timamuvala pa chala moyo wonse osadwala, wina ndi poizoni. Osefa golide m'maiko ambiri a mu Africa amathira mercury mu mchenga wotsala m'beseni, chifukwa amagwira timibulu ta golide nkukhala kampira kofewa. Kenaka amaotcha kampirako pa supuni kapena pa phale. Mercury amawira pa madigiri 357, nasanduka nthunzi yosaoneka, golide nkutsala. Wootchayo amati mercury wapita. Sanapite. Elementi siipsa ndipo siiola. Atomu ya mapulotoni 80 ikhalabe ya mapulotoni 80. Gawo lina lalowa m'mapapo a wootchayo ndi a mwana amene ali kumbuyo kwa mai ake pafupi ndi moto, gawo lina lamatirira ku denga ndi ku zipupa ngati waotchera m'nyumba, ndipo lina ligwa ndi mvula. Wotayikira mumtsinje amasandulizidwa ndi tizilombo ta m'matope kukhala mtundu woopsa koposa, umene umaunjikana mu nsomba, makamaka zazikulu zodya zinzake. Zotsatira zake ndi kunjenjemera kwa manja, kuiwalaiwala, kudwala impso, ndi ana obadwa ndi ubongo wolumala.

Anthu a m'tauni ya Minamata ku Japan anaziona zimenezi kuyambira 1956, fakitale ina itataya mercury m'nyanja imene ankaphamo nsomba. Pangano la maiko lochepetsa mercury linatchedwa dzina la tauniyo mu 2013, ndipo Zambia inalivomereza mu 2016. Ifenso tili ndi chitsanzo chathu cha mnansi wina, nambala 82: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukadali m'fumbi limene ana amaseweramo. Msanzala amathira mu Luangwa, ndipo nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa zimadyedwa kuyambira ku Lusaka mpaka ku Chipata. Amene sangathe kuleka mercury lero, asaotchere m'nyumba kapena pa mafuwa ophikira, amai apakati ndi ana akhale kutali, ndipo afunse kwa alangizi a za migodi za kachipangizo kotchedwa retort, kopangidwa ndi mipope yachitsulo, kamene kamagwira nthunziyo nkuibweza m'madzi kuti mercury yemweyo agwirenso ntchito.